Mmene Ndinasowetsera Kaundula wa Alimi Pakati pa Nyengo ya Mpunga

Mwezi wa June kuno ku chigwa cha Bwanje munthu sakhala pansi. Mpunga wa dzinja umakhala wadulidwa, wapunthidwa, uli mbwee pa malona kudikira dzuwa, ndipo ngolo ndi njinga zimangopezanapezana m'tinjira totulukira ku msewu wa M5. Sikimu ya kuno, ija boma la Japan linathandiza kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ili ndi mahekitala 800 omwa madzi a mtsinje wa Namikokwe, ndipo fungo la Kilombero wake limadziwika mpaka m'mashopu a ku Lilongwe. Ife sitili a ku ofesi ya sikimuyo ayi. Ndife kagulu ka alimi a m'midzi ya kufupi ndi Mtakataka amene timasonkhanitsa mpunga n'kugulitsa pamodzi, timakongozana feteleza ndi mbewu, ndipo pokolola aliyense amabweza ngongole yake ndi matumba. Kalaliki wa kaguluko ndine. Zimene ndikufuna kukuuzanizi zinachitika pa desiki yanga, ndi manja angawa, ndipo palibe wina amene anaikapo chala.

Ukalaliki ndinaupeza chifukwa cha satifiketi ya mapakeji: Word, Excel, PowerPoint ndi kutumiza imelo. Kumudzi zimenezi n'zokwanira kuti anthu azikutchula kuti "a IT", ndipo ine dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri, osauzako aliyense kuti nzeru zanga zimathera pamene Excel wathera. Pulogalamu yosungira kaundula anatilembera mnyamata wina wa ku koleji. Anagwira ntchito yabwino, anatisiyiranso kabuku ka malangizo komwe sindinakawerenge mpaka kumapeto. Pulogalamuyo imayenda pa XAMPP. M'mawa uliwonse ndimadina Start pa Apache, Start pa MySQL, zonse zikasanduka zobiriwira ndimatsegula browser n'kuyamba kulemba. Kuseri kwa zobiriwirazo sindinkadziwa kuti kuli chiyani, ndipo sindinkaona chifukwa chodziwira.

M'database yathu muli matebulo anayi amene ndimawagwiritsa ntchito: mamembala, ngongole, zoyeza ndi malisiti. Atatu oyambawo ndi mayina ndi manambala basi. Lachinayi ndilo linali lolemera, chifukwa kwa nyengo zingapo lisiti lililonse tinkalijambula pa foni, chithunzi n'kulowa m'tebulomo, kuti mkangano ukabuka tizingotsegula n'kuonetsa. Chaka cha nkhaniyi komiti inagwirizana kuti kujambulako kukuchedwetsa mzere pa sikelo, tibwerere ku mabuku a kaboni. Ndinasamutsira zithunzi zonse pa mafulashi, ndinadina batani lofufuta la m'pulogalamumo, tebulo n'kutsala mbee. Ndinapita kunyumba mtima uli myaa, ndikuti kompyuta ndaipeputsa.

Tsiku lina loyeza, mzere utafika pa mtengo wa mango, ndinalemba makilo a bambo wina n'kudina Save, kompyuta n'kundiyankha kuti "The table 'zoyeza' is full". Ndinadinanso, yankho lomwelo. Ndinatseka browser n'kutsegulanso, lomwelo. Ndinazimitsa kompyuta yonse n'kuyatsanso uku anyamata onyamula katundu akundiyang'ana thumba lili lendelende pa sikelo, ndipo nditatsegula This PC ndinapeza kamzere ka disiki C kali psuu, malo otsala osakwana ngakhale nyimbo imodzi. Ndinauza anthu kuti, "Musadandaule, ndi kavuto kakang'ono aka, five minutes." Mawu amenewa ndi amene amandiwawa kwambiri ndikawakumbuka, chifukwa ndinawanena mokweza, ndi nkhope ya munthu wodziwa, pamaso pa azimayi amene anadzuka tambala asanalire kuti adzayeze msanga abwerere kumunda.

Ndinayamba ndi zanga zomwe. Nyimbo za kwaya, mafilimu amene ndinkaonera masana kukakhala zii, zithunzi za chinkhoswe cha mng'ono wanga zomwe sizinali kwina kulikonse, zonse ndinazisesa mofulumira osayang'ana kawiri, malo anapezekako pang'ono, Save inavomera, mzere unayenda, ndipo anthu anandiyamikira. Koma kamzere kaja sikanasinthe mtundu. Madzulo onse atapita ndinatsala ndekha, kulowa foda ndi foda, kudina Properties, kulemba manambala pa kapepala, mpaka ndinafika mu C:\xampp\mysql\data. Mmenemo ndinapeza fayilo yotchedwa malisiti.ibd, ya ma GB opitirira 30, pa disiki ya 120 GB. Ndinatsegula phpMyAdmin, poonera matebulo a database, ndinalowa m'tebulo la malisiti, uthenga n'kubwera woti "MySQL returned an empty result set". Ndinafufuza pa foni mmene amawerengera mizere, ndinalemba SELECT COUNT(*) mosamala ngati mwana wa sitandade wani, yankho n'kukhala 0. Tebulo limodzi likudandaula kuti ladzaza, linzake lilibe kanthu koma ladya gawo lalikulu la disiki. Mutu unaima.

Munthu akasowa yankho amathamangira chimene amachidziwa, ndipo ine ndinkadziwa liwu limodzi: virus. Ndinatsimikiza mumtima kuti kachilombo kalowa kudzera pa mafulashi aja n'kubisala m'fayiloyo, ndinauzanso msungichuma wathu choncho ndi mawu otsitsa, ndinagula bandulo ndi ndalama yanga, ndinakakwera pa chulu kuseri kwa ofesi pamene netiweki imagwirako bwino, ndinatsitsa antivirus imene inadya theka la malo ndinavutikira kupeza aja, ndinaisiya ikusaka usiku, magetsi anazima isanamalize, m'mawa ndinayambitsanso, ndipo itamaliza inanena kuti kompyuta ili bwinobwino. Ndinayesa Disk Cleanup. Ndinayesa kufufuta malisiti.ibd yeniyeniyo, Windows n'kukana kuti fayiloyo ikugwiritsidwa ntchito ndi mysqld.exe, ndipo m'malo moona kuti akundichenjeza ndinaona ngati akundikaniza ufulu wanga.

Kenako ndinaganiza kuti mwina sindinafufute zokwanira. Tebulo la zoyeza linali ndi makilo a zaka zam'mbuyo, amene msungichuma amayang'anamo akafuna kudziwa amene amabweza bwino ngongole. Ndinawatulutsa ngati CSV, ndinatsegula mu Excel kuti ndione ngati alimo, ndinadina Save, ndinabwerera ku phpMyAdmin n'kulemba DELETE, mizere masauzande n'kupita kamodzi. Ndinathamangira ku This PC. Malo sanawonjezeke ngakhale pang'ono, anachepa. Fayilo ya zoyeza.ibd inali chimodzimodzi, ya CSV ija inali yatenga pake, ndipo ina yotchedwa ibdata1, yomwe ndinali nditailemba pa kapepala kaja dzulo lake, inali itakulako. Ndinakhala pampando thukuta lili kamukamu, mu June, mwezi umene ngakhale kuno kunyanja anthu amafunda.

Apa ndiye ndinati ndichite zinthu mwauchikulire, ndipange backup. Ndinaimitsa MySQL, ndinasankha foda yonse ya data, n'kuuza kompyuta kuti iipanikize kukhala zip. Ndinaganiza kuti fayilo yopanda kanthu ipanikizika n'kutsala kadontho. Zip imeneyo ndinailozera pa Desktop, pa disiki yomweyo yodzazayo. Inayamba kukula, kukula, kukula, ine ndikuyang'ana ngati ndikuonera mpira, mpaka kompyuta inanena kuti malo atheratu, ndinadina Cancel, ndinabwerera ku XAMPP, ndinadina Start, kabatani kanayamba kuyaka n'kuzimanso, ndipo pansi pake panatuluka zilembo zofiira: "Error: MySQL shutdown unexpectedly". M'mawa mwake kunali kuyeza.

Chimene ndinachita usiku umenewo ndichinena bwinobwino chifukwa ndi chimene ndikufuna kuti wina asadzachite. Ndinalemba uthenga wofiirawo pa foni, ndinapeza malangizo ambirimbiri, ndinasankha aafupi kwambiri. Mzere woyamba unkanena kuti yamba wakopera foda ya data kwina. Ndinaudumpha chifukwa malo okopera ndinalibe. Wachiwiri unkatchula ibdata1 ndi mafayilo awiri a ib_logfile. Fayilo imeneyi ndinali nditaikwiyira kale chifukwa cha kukula kuja, ndiye ndinaifufuta pamodzi ndi anzakewo, ndipo pofuna malo ndinakhuthulanso Recycle Bin. Ndinadina Start. Kunabiriwira. Ndinaimirira, ndinawomba m'manja ndekhandekha mu ofesi, ndinatumiza uthenga kwa atcheya kuti zonse zili bho, kenako ndinatsegula pulogalamu kuti ndione dzina la membala mmodzi ndisanatseke.

Panalibe dzina ngakhale limodzi. Mu phpMyAdmin matebulo onse anali pamndandanda, mamembala, ngongole, zoyeza, malisiti, koma pambali pa lililonse panalembedwa kuti "in use", ndipo ndikadina linkayankha ndi nambala 1932 kuti "doesn't exist in engine". M'foda mafayilo ake anali phee, aliyense ndi kukula kwake kwakale. Ndinayamba ndi tebulo limodzi lodya malo koma looneka lopanda kanthu. Tsopano onse anali otero, kuphatikizapo la ngongole, limene ine mwini ndinanyengerera komiti kuti tisiye kulilemba m'buku la hardcover chifukwa "zonse zili mu system". Ndinayesa Repair table, sizinathandize. Ndinatsitsa pulogalamu yobwezeretsa mafayilo ofufutidwa n'kuiika pa disiki yomweyo, osadziwa kuti chilichonse chatsopano chimene ndikulembapo chikhoza kukwirira chimene ndikufunacho, ndipo inandibwezera nyimbo zingapo za kwaya zodukaduka.

M'mawa ndinanama. Ndinauza atcheya kuti system ikupanga update, tiyeze kaye ndi pepala. Kuyeza ndi pepala kumatheka, koma ngongole sungaiyeze pa sikelo. Chapakati pa mmawa anafika agogo ena amene amalima kachigawo kakang'ono ndi zidzukulu zawo. Anatula kadengu pansi, anagwada pang'ono pakhomo, nati, "A kalaliki, tandionereni, ngongole yanga ija yatsala matumba angati? Ndikufuna ndidziwe oti ndisiye kunyumba, ana adye." Ndinayang'ana sikirini yopanda kanthu ngati ndikuwerenga, ndinasuntha mbewa uku ndi uku, n'kuwauza kuti, "Agogo, makina akukonzedwa, mubwere mawa." Iwo anati, "Chabwino bambo, apume kaye makinawo, agwira ntchito yambiri." Ananyamula kadengu kawo n'kubwerera ulendo wonse uja wapansi. Sanandikayikire m'pang'ono pomwe, ndipo chimenecho ndicho chinandilepheretsa kumeza nsima tsiku limenelo. Mawa lake anabweradi, ine n'kuwabwezanso.

Munthu wondithandiza analipo kuyambira tsiku loyamba. Muphwa wanga, mwana wa achemwali anga, anaphunzira za makompyuta ndipo amagwira ntchito ku Dedza boma. Nambala yake inali mu foni yomweyo imene ndinkasakira malangizo usiku. Sindinamuimbire chifukwa ndi mwana amene ndinamunyamulapo paphewa, amene ndinkamusonyeza pogwira mbewa ali ku pulayimale, ndipo sindinkafuna kuti amve amalume ake akunena kuti sindikudziwa. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma phula limeneli sindinadye ndekha. Ndinadyetsanso alimi amene analibe mlandu. Agogo aja atabwezedwa kachiwiri ndinatsatira atcheya kuseri kwa shedi n'kuwauza kuti, "Atcheya, pepani, ndinakunamizani. Kulibe update. Kaundula ndamusowetsa ndine." Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana matumba. Kenako anafunsa kuti, "Alipo angathe?" Ndinati alipo. "Nanga mumadikira chiyani, a kalaliki? Nyamukani." Anafuna kundipatsa ya thiransipoti kuchokera m'thumba la gulu; ndinakana, ndinagulitsa thumba langa la mpunga.

Kompyuta ndinaikulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba, ndinaikumbatira pa kabaza, tinatsika ndi M5 kudutsa pokhotera ku Mua. Pamenepo mtima unandipwetekanso. Mishoni ya Mua ilipo kuyambira 1902, ndipo ku KuNgoni, kumene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, anthu akhala akusonkhanitsa ndi kusunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao kwa zaka zonsezi mosatopa, pamene ine kaundula wa midzi yochepa chabe ndinamutaya usiku umodzi. Pa Golomoti, podikira galimoto yokwera mtunda, ndinali pafupi ndi munda wa masola uja wa 20 MW umene unayamba kupereka magetsi mu 2022, ndipo anzanga odikira ankandifunsa ngati chili m'chitenjemo ndi wailesi yogulitsa. Tinakwera Khwekhwelere, kompyuta ili pamiyendo, pa kona iliyonse ine ndikuigwira ngati khanda, tinatulukira pa Masasa, ndipo ku Dedza ndinafika ndili ndi shati yokha, mano akugundana, chifukwa m'chipwirikiti chonse chija ndinaiwala kuti kumtunda June ndi wina.

Muphwa wanga sanaseke. Anandipatsa juzi ndi tiyi, nati, "Amalume, mundiuze chilichonse chimene mwakhudza, mwadongosolo lake, musadumphe kanthu." Ndinanena zonse, maso ali pansi. Chinthu choyamba chimene anachita sichinali kukonza. Anaimitsa MySQL, analumikiza disiki yake yapadera, n'kukopera foda yonse ya data mmenemo, ndipo sanadine china chilichonse mpaka kukoperako kutatha. Kenako anapeza chidutswa cha zip ija chimene chinatsalira nditadina Cancel, n'kuchichotsa. Anandiuza kuti usiku uja MySQL inakana kuyaka chifukwa poyaka imapanga kafayilo kake kogwirira ntchito, ibtmp1, ka 12 MB, ndipo pa disiki panalibe ngakhale malo amenewo. Ndikanangochotsa chidutswa cha zipcho, ikanayaka ndi zonse zili m'malo. Inayaka nditafufuta ibdata1 chifukwa choti kufufutako kunapereka malo, basi.

Za tebulo lopanda kanthu lija anandifotokozera motere. "Amalume, nkhokwe ya agogo ija chimanga chikatha, imachoka pabwalo? Imaima pompaja, kukula kwake komweko, kudikira chimanga cha chaka chamawa. Mukafuna bwalo, muyenera kuiphwasula n'kuluka ina yaing'ono." Injini imene imasunga matebulo athu, InnoDB, imagawa fayilo m'masamba a 16 KB. Ukalemba DELETE, imayamba yaika chizindikiro pa mizereyo kuti yafufutidwa, kenako imaiyeretsa pang'onopang'ono, masamba n'kuwalemba kuti ndi omasuka. Omasuka kwa tebulo lomwelo, osati kwa Windows. Fayilo sibwerera m'mbuyo, chifukwa masamba omasukawo amakhala apa ndi apo pakati pa ena, ndipo injiniyo imayembekezera kuti mizere yatsopano ibwera n'kulowa momwemo. Tikanapitiriza kujambula malisiti, zithunzi zatsopano zikanadzaza malo akalewo fayilo osakula. Koma ife tinasiya, ndiye malowo anangokhala. Panalibe kachilombo, ndipo pulogalamu sinalakwe kanthu. Inkachita zimene inapangidwira.

Zip ija inakana kuchepa pa chifukwa chomwecho. Zithunzi zofufutidwazo zinali zikadali m'masambamo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, ndipo chithunzi cha JPEG n'chopanikizidwa kale. Apa muphwa wanga anandiyang'ana mwamphamvu, nati fayilo yoteroyo siyoti uzingopatsa aliyense poganiza kuti ilibe kanthu, chifukwa malisitiwo ali ndi mayina a anthu ndi ndalama zawo. Za ibdata1, anati inakula nditafufuta mizere yambiri kamodzi chifukwa injini imasungamo zoti ibwezere ngati ungasinthe maganizo kufufutako kusanatsimikizidwe, ndipo ikakula sichepanso yokha. Koma ntchito yake yaikulu ndi ina: ndi mmene InnoDB imalemba kuti tebulo lakuti lili ndi nambala yakuti, lili m'fayilo yakuti. Nditaifufuta, inapangidwa ina yatsopano yosadziwa tebulo lililonse. Mayina a matebulo ankaonekabe chifukwa cha timafayilo ta .frm, katundu anali m'mafayilo a .ibd, koma cholumikiza ziwirizo ndinali nditachitaya.

Chimene chinatipulumutsa ndi mmene mapulogalamuwa amabwerera masiku ano. Kuyambira MySQL 5.6, ya mu 2013, tebulo lililonse limakhala m'fayilo yakeyake pokhapokha wina atasintha dala. Kale zonse zinkalowa mu ibdata1 momwemo, ndipo zikanakhala choncho bwenzi ndikukuuzani nkhani ya maliro a kaundula. Ndinamvanso tsiku lomwelo kuti chimene chili kuseri kwa batani la MySQL mu XAMPP yathu ndi MariaDB, mphukira imene Michael Widenius wa ku Finland anayambitsa mu 2009, ndipo XAMPP inasamukira kumeneko mu 2015. Zaka zonsezi ndinkadina Start pa chinthu chimene ngakhale dzina lake sindinkalidziwa.

Kubwezeretsa kunatenga madzulo onse. M'foda ya pulogalamu munali fayilo ya .sql imene mnyamata uja anasiya, yofotokoza kapangidwe ka tebulo lililonse, ndipo kabuku kaja kanaitchula pa tsamba limene sindinafikepo. Muphwa wanga anasuntha foda yakale ya database, anapanga yatsopano, anamanga matebulo opanda kanthu ofanana ndendende ndi akale, ndipo pa lililonse ankalemba ALTER TABLE ndi DISCARD TABLESPACE, n'kukopera fayilo yakale ya .ibd pamalopo, n'kulemba IMPORT TABLESPACE. Anandichenjeza kuti DISCARD imafufutadi fayilo, choncho wopanda kope kwina asayerekeze. Anayamba ndi la ngongole chifukwa ndinamupempha. Atadina Browse, mayina anatsika pa sikirini mmodzimmodzi, ndipo ndinafufuza la agogo aja ndi chala chikunjenjemera. Linalipo, ndi matumba ake, ndi tsiku limene anabweza komaliza. Muphwa wanga anati zatheka bwino chonchi chifukwa MySQL ndinaiimitsa mwadongosolo ndisanayambe zip ija, kotero mafayilo anali atatsekedwa bwino. Ndinapempha kupita panja pang'ono, ndinakaima kuseri kwa nyumba m'mphepo ya ku Dedza mpaka maso atauma.

Tebulo la malisiti sanavutike nalo: latsopanolo linali la ma KB ochepa chabe, ndipo kamzere ka disiki kanabwerera ku buluu. Ndinamufunsa kuti ndikanatani tsiku loyamba lija. Anatsegula phpMyAdmin n'kundilozera batani lolembedwa Empty, limene lili pamzere wa tebulo lililonse, pafupi ndi Browse amene ndinkamudina tsiku ndi tsiku. Batani limenelo limatumiza TRUNCATE TABLE, imene imataya fayilo yonse ya tebulo n'kupanga yatsopano yaing'ono. Ndi ya tebulo limene watsimikiza kuti sukufunamo kanthu, chifukwa ilibe pobwerera. Kwa tebulo limene lili ndi mizere yofunika pali OPTIMIZE TABLE, imene imamanga tebulo latsopano ndi mizere yamoyo yokha n'kutaya lakale; imafuna malo apadera okwana mizere yamoyoyo, choncho usadikire disiki ifiire. Anaiyesa pa zoyeza ine ndikuona. Inalemba kuti tebulo silimalola optimize, ikuchita recreate m'malo mwake, ndipo anati uthenga umenewo si wolakwika, ndi mmene InnoDB imanenera. Anandisonyezanso poonera malo omasuka mkati mwa tebulo: data_free, mu information_schema.

Khalidwe limeneli si la MySQL yokha. Amene mumasunga kaundula mu Microsoft Access muli ndi Compact and Repair pa chifukwa chomwechi. SQLite, imene ili m'mafoni athu a Android, ili ndi VACUUM. PostgreSQL, imene DHIS2 ya a zaumoyo imayendera, ili ndi VACUUM wamba woyeretsa malo kuti agwiritsidwenso ntchito mkati, ndi VACUUM FULL amene amalembanso tebulo lonse n'kubweza malo ku disiki.

Sizinabwerere zonse. Makilo a zaka zam'mbuyo aja analowanso kuchokera mu CSV, koma nditaitsegula mu Excel n'kudina Save, maziro oyambirira a manambala a malisiti anachoka, ndipo ndinakhala madzulo ambiri ndi mabuku a kaboni kuwabwezera pamanja, pamodzi ndi zonse zimene tinayeza ndi pepala. Zithunzi za chinkhoswe zinapita ndithu, ndipo ndinakamuuza mng'ono wanga ndi mlamu wanga pamaso. Pa msonkhano wa gulu ndinaimirira n'kufotokoza zonse, kuphatikizapo bodza la update, ndinapepesa agogo aja pagulu, ndipo ndinapempha ndekha kuti buku la hardcover la ngongole libwerere. Linabwerera. Lachisanu lililonse ndimapanga Export ya database yonse pa fulashi, msungichuma amapita nayo kwawo, ndipo nthawi ndi nthawi timaiyesa pa laputopu ina kuti tione ngati ikutseguka.

Makalaliki anzanga a m'magulu a alimi, a mabanki a m'mudzi, a m'masukulu ndi m'matchalitchi, kuyambira Chipoka mpaka Sharpevale: disiki ikafiira ndipo mwapeza tebulo lalikulu lopanda kanthu, imitsani MySQL, koperani foda yonse ya data pa disiki ina, osati yomweyo, ndipo imbirani munthu wodziwa tsiku lomwelo, ngakhale akhale mwana wanu. Ibdata1 musaikhudze.